Kuwala kukafika mosiyana: zomwe wavefront yandiphunzitsa

Chaka chatha ndinayamba kuvala magalasi a maso. Masana amandithandiza ndithu, zolemba za pa bolodi ndimaziwerenga ngakhale nditakhala kumbuyo kwenikweni. Koma usiku ndikamatsika kuchoka ku Matawale kulowera m'tauni, nyali za njinga zamoto za akabaza zimandionekerabe ngati zamera ndevu, zina zili ndi kamchira kumbali. Ndinkapukuta magalasiwo kangapo pa ulendo umodzi poganiza kuti ndi fumbi. Chifukwa chake chenicheni ndachimvetsa semesita ino m'phunziro la optics, la sayansi ya kuwala, pa mutu umene poyamba ndinkauona wouma kuposa yonse, wa wavefront.

Masabata awiri oyamba ndinkangoloweza. Buku limati wavefront ndi malo onse pamene funde la kuwala lili pa phase imodzi, kutanthauza pa siteji yofanana ya kukwera ndi kutsika kwake. Chiganizocho ndinkachilemba osaphonya, koma mumtima munalibe chithunzi chilichonse. Kusekondale tinazolowera kujambula kuwala ngati mivi yowongoka, ikafika pa lenzi n'kukhota, basi. Funso loti ikukhoteranji sindinadzifunsepo.

Unanditsegula m'maso ndi munda wa Agogo ku Jali. Kukakhala dima, anthu amandandalika m'mphepete mwa munda, aliyense ndi khasu lake, n'kuyambira pamodzi. Ukaima patali umaona mzere wa anthu ukusunthira kutsogolo. Njira imene munthu mmodzi akudutsa ndiwo muvi uja tinkajambula, koma mzere wa anthu onsewo ndiye wavefront. Tsono m'munda wa Agogo muli chulu chapakati, ndipo dothi lozungulira pamenepo ndi louma gwa. Amene agwera pachulupo amatsalira, a m'mbali amapitirira, mzere uja n'kupindika ngati uta. Palibe amene walamula kuti upindike, ena angochedwa chabe.

Kuwala kumachitanso chimodzimodzi. M'mlengalenga kumathamanga makilomita pafupifupi 300,000 pa sekondi, m'madzi pafupifupi 225,000, m'galasi wamba pafupifupi 200,000. Lenzi yokuza zinthu ndi yonenepa pakati, yopyapyala m'mbali, ndiye kuwala kodutsa pakati kumachedwa kuposa kwa m'mphepete. Wavefront imene inabwera yafulati imatuluka itakumbika ngati mbale, ndipo mbale imeneyi ikamapita kutsogolo imanka nichepa mpaka kuthera pa kadontho kamodzi. Ntchito ya lenzi ndi kuchedwetsa kuwala, pena kwambiri pena pang'ono, kuti konse kochokera pa malo amodzi kukafikenso pa malo amodzi nthawi imodzi. Tsiku limene ndinamvetsa zimenezi ndinabwerera pa tsamba loyamba la notsi zanga n'kuyambiranso kuwerenga, ndipo zambiri zimene ndinkaloweza zinayamba kulumikizana zokha.

Maganizo amenewa ndi akale. Christiaan Huygens wa ku Netherlands anawafotokoza mu 1678, buku lake n'kutuluka mu 1690. Iye ankati kadontho kalikonse ka pa wavefront kamakhala ngati gwero la timafunde tatsopano, ndipo timafundeto tikaphatikizana timapanga wavefront yotsatira. Loweruka lina tinakwera ku Damu la Mulunguzi ndi mnzanga wa m'kalasi, madzi ali bata m'mawa, tinaponya timiyala tingapo nthawi imodzi motsatana m'mphepete. Kalikonse kanapanga mafunde ake ozungulira, koma chapatali pang'ono anagwirana n'kuoneka ngati funde limodzi lalitali. Mnzangayo anangoti, "Aise, Huygens uja ndi ameneyu." Augustin Fresnel anadzawonjezera masamu ake mu 1818, oti timafundeto timathandizana pena, pena timafafanizana. Siméon Poisson, pofuna kutsutsa, anati ngati zili choncho ndiye kuti pakati penipeni pa mthunzi wa chinthu chozungulira payenera kuoneka kadontho kowala, zomwe kwa iye zinali zosamveka. François Arago atayesa, kadonthoko anakapezadi.

Pamene mutuwu unandigwira mtima ndi pa kuyeza. Palibe lenzi kapena kalilole amene amatulutsa mbale yangwiro. Nthawi zonse pamakhala potsalira ndi potsogola, ndipo kusiyana kwa wavefront yeniyeni ndi imene imafunika ndi kumene amakutcha aberration. Funso la mainjiniya ndi lakuti, kutsalira kochuluka bwanji ndiye kolakwika? Lord Rayleigh anapereka muyeso mu 1879: kukapanda kupitirira kota ya kutalika kwa funde limodzi, chithunzi sichiwonongeka kwenikweni. Funde la kuwala kobiriwira ndi lotalika mananomita pafupifupi 550, ndipo nanomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000,000 a milimita. Kota yake ndi mananomita osakwana 140. Ndinakhala nthawi ndithu ndikuyang'ana rula yanga, kamzere ka milimita imodzi, kuyesa kukagawa m'mutu.

Nkhani ya telesikopu ya Hubble ndi imene inandionetsa kuti manambalawa si masewera. Anaiponya m'mlengalenga mu 1990, ili ndi kalilole wa mamita 2.4 wosalala mogometsa, koma zithunzi zoyamba zinabwera zambuu. Atafufuza anapeza kuti m'mphepete mwa kaliloleyo munaphwatalala mopitirira ndi mamaikuromita pafupifupi 2 (maikuromita imodzi ndi mananomita 1,000), kanthu kochepa kwambiri poyerekeza ndi kunenepa kwa tsitsi limodzi. Koma mamaikuromita 2 ndi mafunde pafupifupi anayi a kuwala kobiriwira, ndipo pa kalilole kuwala kumapita n'kubwerera, choncho kulakwikako kumawirikiza kawiri. Chimene chimandipweteka pa nkhaniyi n'chakuti kaliloleyo anamupera mosamala kwambiri, koma motsatira chida choyezera chimene lenzi yake ina inakhala molakwika ndi mamilimita 1.3. Anthu anagwira ntchito yabwino potsatira muyeso wolakwika. Popeza kulakwikako kunali kwa mtundu umodzi wodziwika bwino, akatswiri anatha kukuwerengera kuchokera pa zithunzi zambuu zomwezo, n'kupanga timakalilole tolakwika mobwezera. Mu Disembala 1993 anakatiika, Hubble n'kuyamba kuona bwino. Tinganene kuti anakaiveka magalasi.

Nanga chinthu chosaoneka ndi maso umachiyeza bwanji? Njira imene yandisangalatsa kwambiri ndi ya Johannes Hartmann wa ku Germany, ya m'chaka cha 1900, chifukwa munthu angathe kuiyesa ali pakhomo. Umaphimba lenzi ndi chinthu chokhala ndi timabowo, n'kuona kumene kuwala kwa bowo lililonse kukulowera. Kuwala kumayenda molunjika kutsogolo kwa wavefront, ndiye ukadziwa kolowera kwake wadziwanso mmene wavefront yapendekera pa malo amenewo.

Ndinagula lenzi yokuzira zilembo kumsika, ndinadula katoni ya sopo, n'kuboola ndi singano yosokera matumba mabowo anayi pa mzere umodzi, awiri chapakati, awiri m'mphepete. Usiku ndinakhazika foni yoyatsa tochi kumapeto kwa bwalo, ine n'kukhala pakhonde ndi pepala loyera kuseri kwa lenzi. Papepalapo panaoneka timadontho tinayi. Ndikamasunthira pepala kutali, timadonthoto tinkayandikirana. Awiri a m'mphepete anakumana msanga, a pakati adakali otalikirana, ndipo ndinasunthanso pafupifupi sentimita imodzi kuti nawonso akumane. Imeneyo ndi spherical aberration, ndinaiona ndi maso anga pakhonde la Amalume. Ndi mtundu womwewo umene unavutitsa Hubble, kungoti kumeneko zinatembenuka, kuwala kwa m'mphepete ndiko kunkakumana patali.

Agogo anali atabwera kudzationa sabata imeneyo, ndipo anakhala pamphasa n'kumandiyang'ana.

"Iwe, katoniyo ukuiboola-boola, sukulu yake ndi imeneyo?"

"Eya Agogo. Ndikufuna ndione ngati kuwalaku kukufikira limodzi."

"Kwina kukachedwa ndiye chimachitika n'chiyani?"

"Zinthu zimaoneka mbuu."

Anakhala chete pang'ono, kenako anati, "Ndiye kwa ine kumachedwa konse, mdzukulu wanga."

Ndinawafotokozera kuti vuto lawo ndi lina. Diso lawo lamanzere lili ndi ng'ala, ndipo ng'ala imamwaza kuwala ngati chifunga cha pa phiri la Zomba m'nyengo ya chiperoni. Kuwala kongochedwa ungakubweze pa mzere ndi galasi, koma komwazika ayi, n'chifukwa chake ng'ala amachita kuichotsa pa opaleshoni n'kuikamo lenzi ina. Kukambirana kumeneku kunandithandiza ineyo kuposa iwo, chifukwa kufikira tsikulo zinthu ziwirizi ndinkazisakaniza.

Mu 1971 Roland Shack ndi Ben Platt a ku University of Arizona anasintha njira ya Hartmann. M'malo mwa mabowo anaika timalenzi tating'ono tambiri tondandalikana ngati zisa za njuchi, kalikonse n'kumaponya kadontho kake pa kamera. Wavefront ikakhala yafulati timadonthoto timakhala m'mizere yowongoka. Ikapindika, kadontho kalikonse kamasuntha molingana ndi kupendekeka kwa pamalo pakepo, kompyuta n'kulumikiza kupendekeka konseko kuti ipeze maonekedwe a wavefront yonse. Chida chimenechi amachitcha Shack-Hartmann sensor.

Maonekedwewo amawafotokoza ndi masamu a Frits Zernike, amene anawalemba mu 1934, yemwenso analandira mphoto ya Nobel mu 1953 pa ntchito yake ya maikulosikopu. Apa mpamene ndathera mapepala ambiri. Ganizo lake ndi lakuti kupindika kulikonse kwa pa chinthu chozungulira ungakuphwanye kukhala mitundu yodziwika, uliwonse ndi mlingo wake. Ine ndimaikumbukira ndi ziwiya za pakhomo. Tilt ndi chivundikiro chafulati chopendekeka. Defocus ndi mbale yokumbika. Astigmatism ndi lichero limene mwana walikhalira, mbali ziwiri zakwera, ziwiri zinazo zatsika. Kenako pamabwera coma, imene imapatsa kadontho kamchira, ndi spherical aberration ija, ndi ina yambiri yocholowana.

Apa mpamene nyali za akabaza zinabwereranso m'mutu mwanga. Magalasi wamba amakonza mitundu iwiri yokha, mbale ndi lichero. Coma, spherical aberration ndi inzake imatsala m'diso momwemo. Masana mwanadiso amachepa kufika mamilimita awiri kapena atatu, kuwala n'kumadutsa pakati pokha pamene diso lili bwino. Usiku amakula mpaka mamilimita 6 kapena 7 mwa achinyamata, ndiye kuwala kumadutsanso m'mphepete mmene muli zolakwika zambiri, ngati mabowo anga awiri akunja aja. Ndevu ndi michira imene ndimaona zikufanana kwambiri ndi zithunzi za m'buku za mitundu imeneyi. Mu 1994 Junzhong Liang ndi anzake ku Heidelberg anaonetsa kuti diso la munthu lingayezedwe ndi Shack-Hartmann sensor: amawalitsa kadontho kofooka pa retina, khungu la kumbuyo m'kati mwa diso limene limalandira kuwala, kuwalako kukamabwerera kunja kumatuluka kutanyamula zolakwika zonse za disolo. Njira imeneyi ndi imene imatsogolera maopaleshoni ena a laser okonza maso masiku ano.

Mpweya nawo ndi lenzi, yosakhazikika. Aliyense amene wayenda pa msewu wa ku Liwonde mu Okutobala waonapo phula likuchita ngati madzi, galimoto yakutsogolo ikunjenjemera. Mpweya wotentha ndi wozizira umachedwetsa kuwala mosiyana, ndipo nyenyezi zimaphethira pa chifukwa chomwechi. Horace Babcock anapereka ganizo mu 1953 loti muziyeza wavefront n'kumaikonza nthawi yomweyo, ndipo lero matelesikopu akuluakulu ali ndi kalilole wopyapyala amene amapindidwa kambirimbiri pa sekondi imodzi kuti abweze zimene mpweya wasokoneza.

Pali chinthu chimodzi chimene Shack-Hartmann sensor siiona, ndipo n'chimene ndikulimbana nacho sabata ino. Imayeza kupendekeka kokha. Wavefront yonse ikatsalira mofanana, timadontho sitisuntha n'komwe. Mtundu umenewu Zernike anauika poyambirira, umatchedwa piston. Pa kalilole mmodzi zilibe kanthu, zili ngati dima lonse layamba mochedwa, mzere umakhalabe wowongoka. Koma telesikopu ya James Webb, imene inanyamuka pa 25 Disembala 2021, kalilole wake wa mamita 6.5 ndi wa zidutswa 18. Amenewo ndi magulu 18 olima munda umodzi, ndipo gulu lililonse likhoza kukhala ndi mzere wowongoka koma losagwirizana ndi linzake. Chithunzi chake choyamba, mu February 2022, chinaonetsa nyenyezi imodzi ngati timadontho 18. Kutiunjika pamodzi sikunali kokwanira, anayenera kusunthanso chidutswa chilichonse kutsogolo kapena kumbuyo mpaka mafunde ake atagwirizana ndi a zinzake, ndipo ntchitoyo inatenga miyezi. Mwa njira zina, ankajambula nyenyezi mwadala chithunzi chili chambuu, n'kuwerengera wavefront kuchokera m'mbuumo.

Ntchito imene aphunzitsi atipatsa ndi yoti titenge kupendekeka kwa pa timabokosi 16 n'kumanganso wavefront ndi pensulo, tisanakhudze kompyuta. Ndafika pa bokosi la 11. Nditayamba kuzungulira kuchokera kumanzere ndinapeza nambala ina, kuchokera kumwamba nambala inanso yosiyana pang'ono, ndipo mnzanga uja akuti mpamene njira ya least squares ikulowera, masamu opezera yankho loyandikira kwambiri manambala onse osagwirizanawo. Tapangana kukumana mawa m'mawa, iye abweretse kalikuleta, ine katoni yatsopano ya mabowo asanu ndi atatu.