Zimene ndikuphunzira polemba tizigawo ta sewero la pa kanema

Tsamba limodzi la sewero la filimu, likalembedwa m'kalembedwe kake ndi zilembo za Courier za saizi 12, limatenga pafupifupi mphindi imodzi pa kanema. Ndiye kuti kagawo ka mphindi zitatu ndi masamba atatu basi. Pamwamba pa kagawo kalikonse pamakhala mzere wa zilembo zikuluzikulu wonena ngati tili m'kati kapena panja, INT. kapena EXT., kenako malo, kenako masana kapena usiku. Pansi pake umalemba zimene diso likuona ngati kuti zikuchitika pompano, dzina la wolankhula n'kukhala pakati, mawu ake m'munsi. Izi sizivuta kugwira. Mapulogalamu monga Final Draft ndi Celtx amakusanjira okha, ndipo Trelby ndi yaulere kwa amene ali ndi kompyuta.

Chimene chikundidyera nthawi ndi khutu limene tinakula nalo. Wailesi ya kanema ya dziko lino, yomwe inkatchedwa TVM, inayamba mu 1999, ndipo ngakhale itayamba makomo ambiri anapitirizabe kumvera masewero pa wailesi ya MBC. Ena tinadziwira zisudzo kusukulu, pa mipikisano ya ATEM, bungwe la aphunzitsi a Chingerezi, kapena pomva mbiri ya Du Chisiza Jr ndi gulu lake la Wakhumbata. Konseko mawu ndiwo amasenza katundu yense. Pa wailesi wochita sewero ayenera kunena kuti "Bwanji mukulira, mayi a Chikondi?" chifukwa womvera sakuiona misoziyo. Pabwalo la zisudzo ayenera kukweza mawu ndi kutambasula manja kuti wokhala kumbuyo kwenikweni amve. Luso limeneli ndimalilemekeza, ndipo si laling'ono. Koma kamera imafika pafupi ndi nkhope mpaka kuona mlomo ukunjenjemera. Munthu akanenanso ndi pakamwa zimene woonera waona kale, zimakhala ngati wathira mchere m'ndiwo zothira kale. M'gulu lathu lophunzira, tizigawo toyamba ta pafupifupi aliyense tinali masewero a pa wailesi ovekedwa INT. ndi EXT. pamwamba.

Aphunzitsi athu anatipatsa ntchito yomwe yandithandiza kuposa zonse. Anthu awiri, malo amodzi, masamba osapitirira awiri. Mmodzi akufuna chinthu, winayo sakufuna kupereka, ndipo chinthucho asachitchule dzina aliyense wa iwo. Kanga ndinakalemba motere:

EXT. PAKHONDE - MADZULO

Nabanda akutong'ola chimanga m'lichero. Matumba atatu osokasoka atsamira khoma. Belu la njinga limveka. Nabanda adzuka msanga, afunditsa matumba aja chitenje, n'kutulutsa mpando. A Mbewe, achimwene a malemu mwamuna wake, atsamiritsa njinga pamtengo.

A MBEWE
Mwaswera bwanji alamu?

NABANDA
Taswera, kaya inu alamu?

A Mbewe akhala pansi. Maso awo ali pa chitenje.

A MBEWE
Chaka chino mvula inakukomerani kuno.

NABANDA
Aa, n'ta ana iti. Sitifika ndi Disembala yemwe.

A MBEWE
Feteleza uja anagwira ntchito ndithu.

Nabanda asiya kutong'ola. Aponya chitsononkho pamulu, atenga china.

NABANDA
Ndikuikireni tiyi?

A MBEWE
Iyayi, ndangodutsa ine.

Avula chipewa, achiika pabondo.

Palibe watchula ngongole, palibe wanena ndalama zingati. Komabe titawerenga mokweza, aliyense anadziwa kuti a Mbewe anakongoza ndalama ya feteleza, kuti abwera kudzaitenga, ndi kuti mayiyu akuopa kugulitsa chakudya cha ana. Anadziwanso kuti a Mbewe akuchita manyazi, poti akulonjerera mkazi wa m'bale wawo amene anamwalira. Chitenje chija ndi chipewa chija zagwira ntchito imene pa wailesi ikanafuna mizere khumi. Munthu wongodutsa savula chipewa n'kuchiika pabondo, ndipo woonera akaona zimenezo amadziwa yekha kuti nkhani ikadalipo.

Apa ndi pamene ndaona kuti ife tili ndi mwayi umene sitiuwerengera. Mabuku ophunzitsa kulemba filimu amathera masamba ambiri kulangiza kuti anthu a m'sewero asamanene poyera zimene zili mumtima. Kwathu kuno ndi mmene timalankhulira kale tsiku ndi tsiku. Wodzapempha amayamba wafunsa za ana ndi za kumunda. Mpongozi sauza apongozi ake maso ndi maso kuti amulakwira, nkhani imadzera kwa ankhoswe. Uthenga wa maliro umafika mozungulira, amayamba anena kuti matenda akula. Wolemba amene wakhala pakhonde n'kumvetsera akulu akukambirana za malire a munda ali nazo kale zipangizo. Chomwe chimachitika n'chakuti tikangogwira cholembera timaiwala zonsezi, n'kuyamba kulemba anthu olalatirana ndi kuulula zakukhosi ngati mmene timaonera m'mafilimu ena akunja.

Pali langizo lina lotchuka limene sindikugwirizana nalo lonse. Limati kagawo uzikayamba nkhani itafika kale pakati, n'kukatseka isanathe, ndipo malonje ndi kutsanzikana uzizidula chifukwa zimangodya nthawi. Zoona zake zilipo. Malonje athu athunthu, kufunsana za kunyumba, za ana, za odwala, angathe kudzaza theka la tsamba, ndipo m'filimu ya mphindi zitatu theka la mphindi ndi lalikulu. Koma kwa ife moni ndi pamene mkangano umayamba kuonekera. Ndani wayamba kupereka moni? Mtsikana wagwada kapena wangonjuta ataimirira? Mlendo apatsidwa mpando kapena amusiya chiimire padzuwa? Wafunsa za ana onse koma walumpha dzina la mmodzi? Ine ndasankha motere: ngati malonje akuyenda monga mwa masiku onse ndimawadula, koma ngati pali kanthu kamodzi kosoweka kapena kowonjezera, ndimawasiya ndipo kagawo konse ndimakamanga pamenepo. M'kagawo ka pakhonde kaja, a Mbewe sanafunse za ana a m'bale wawo, ndipo ndinachita dala.

China chimene sindinkachiganizira ndisanayambe n'chakuti wolemba ayenera kudziwa zimene gulu lake lingakwanitse kujambula. Kulemba kuti USIKU n'kosavuta, koma kujambula usiku ndi foni popanda magetsi okwanira kumatulutsa mdima wokhawokha. Kulemba kuti pamsika kapena m'minibasi kumatanthauza phokoso lomwe limameza mawu onse, ndi anthu odutsa oyang'ana kamera. Ngakhale khonde lenilenilo, likakhala pafupi ndi chigayo kapena tchalitchi chomwe chikuyesa zokuzira mawu, tsiku lonse lapita. Ndiye tsopano ndisanalembe mzere woyamba ndimayamba ndadzifunsa kuti malowo ndi ati, dzuwa limagwa mbali iti, ndipo pamamveka chiyani.

Kuwerenga ndi ochita sewero kwandiphunzitsanso zambiri. Azisudzo athu ambiri anazolowera kuuzidwa nkhani yokha, mawu n'kumadzipezera okha pabwalo, ndipo ena ndi akatswiri pa zimenezi. Akakumana ndi malo oti pakhale chete, thupi limawakana, amafuna kuikapo mawu. Mnzathu amene ankachita a Mbewe atavula chipewa anawonjezera yekha kuti "Komatu alamu, paja tinapangana." Mawu abwino ndithu, achichewa chenicheni, koma anathyola chimene kagawo kanaimirapo. Sindimudandaula, chifukwa kukhala chete kamera ili pamphuno n'kovuta. Mankhwala ake ali kwa wolemba: upatse manja ntchito. Ukangolemba kuti "akhala chete" wochita sewero amasowa pogwira, koma ukalemba kuti akupukuta fumbi pachipewa, kapena akusankha njere zofumbwa m'lichero, amakhala ndi chochita ndipo nkhope imadzichitira yokha. Poyesa ngati kagawo kakugwira, timakajambula pa foni n'kuonetsa munthu amene sanawerenge, mawu titatseka. Akatha kunena amene akufuna chinthu ndi amene akukana, ndiye kuti kali bwino.

Ntchito imene ndili nayo pano ndi kagawo kotsatira. A Mbewe afika kwawo chimanjamanja, ndipo akazi awo ankadikira ndalama ija kuti akalipire fizi ya mwana wa Fomu 2. Mwamuna ndi mkazi wake m'nyumba mwawo salankhulana ngati mlamu ndi mlamu pakhonde, apa ndalamayo itchulidwa ndithu, ndipo mawu akwera. Ndiyenera kupeza njira yolembera mkangano wapoyera umene sukubwereza zomwe woonera waona kale. Ndikuganiza zoyambira pamene a Mbewe ayankha kale, mayi akupakula nsima, mwana uja ali m'chipinda china chotchinga ndi nsalu yokha, moti onse awiri akukangana uku akuyesetsa kuti asamve.