Chambiko cha "special" ku Varanasi

Ine kachasu sindinalawepo chibadwire. Kumpingo kwathu ndine mkulu wa mpingo, ndipo anyamata osuta chamba ndawadzudzulapo kangapo ndili kugome. Ndayamba ndi zimenezi kuti mudziwiretu kuti zomwe zinandigwera ku Varanasi, mzinda wa ku India, sindinachite kuzifuna.

Ndinapitako kukazonda mlamu wanga amene amaphunzira pa Banaras Hindu University, sukulu yakalekale ya mu 1916. Mzindawu uli m'mbali mwa mtsinje wa Ganga, eni ake amautchanso Kashi, ndipo Ahindu amakhulupirira kuti wofera kumeneko sabadwanso kachiwiri, wapumuliratu. Gombe lonse ndi masitepe amiyala otsikira m'madzi, otchedwa ghat, oposa 80. Tinakwera bwato m'bandakucha pa Assi Ghat, tikuona anthu akusamba, ena akupemphera atayang'ana kotulukira dzuwa. Titafika pa Manikarnika Ghat, pomwe amatenthera mitembo usana ndi usiku, alamu anandigwira dzanja kuti foni ibwerere m'thumba. Kujambula pamenepo ndi mwano.

Titatsika tinadya kachori, timandasi tokhala ndi nyemba zosinja mkati, tothira msuzi wa mbatatesi. Ndinadzitama kuti munthu wokulira kambuzi saopa tsabola wa eni. Lilime linandiyankha lokha.

Masana alamu anathamangira ku kalasi. "Alamu, tikumane 6 koloko pa Dashashwamedh Ghat. Mukamva ludzu mugule lassi, n'chambiko chabe chothira shuga."

Tinjira ta mumzindamo n'topanikiza, moti ng'ombe ikaima pakati, nonse mumadikira maganizo ake. Ndinapeza kashopu, mnyamata akutakasa chambikocho. Anandifunsa m'Chingerezi ngati ndikufuna wamba kapena special. Tsono munthu wakwera ndege kuchoka ku Lilongwe, n'kukamwanso za wamba? Ndinati special. Anafunsanso: medium kapena strong? Ndinkayesa akunena za shuga. Ndinati strong, ndikumwetulira ngati bwana.

Chinabwera chobiriwira, m'kachikho kadothi. Ndinaganiza kuti athiramo timasamba tonunkhiritsa, ndipo ndinagugudiza chonse. Pobweza kachikhoko mnyamata uja analoza mulu wa mapale: kumeneko amamwera kamodzi n'kutaya. Zinandiwawa. Ndinakapukuta n'kukaika m'chikwama kuti ndikapatse mayi a kunyumba.

Ola lathunthu linatha ndili bwinobwino. Kenaka miyendo inayamba kutalika. Ndikaponda, nthaka imachedwa kufika. Ndinakumana ndi ng'ombe yoyera itatseka njira, ndipo ndinanjuta, n'kuomba m'manja: "Zikomo amayi, tidutse nawo." Sanayankhe. Ndinawafotokozera kuti ndine mlendo, ndinatchula mudzi, mfumu ndi boma lomwe ndimachokera. Ndikukumbukira kuti tinamvana ndithu.

Mmene ndinafikira kumtsinje sindikudziwa. Mwambo wa madzulo wa aarti unali utayamba: ansembe atandanda, aliyense akuzunguza nyale yamoto yosanjikizana, mabelu akulira, lubani ali tolotolo, mabwato atadzaza pamadzi. Chinthu chokongola zedi. Koma khutu langa linaona kuti pakusowa besi. Ndinaimirira n'kuthira besi ya nyimbo ya kwaya yathu, m'Chichewa, dzanja lili pachifuwa.

Alamu anandipeza nditakhala pansi, nditakumbatira sitepe kuti ingathawe.

"Alamu, mwamwa chiyani?"

"Chambiko chomwe munanena chija. Cha special."

Mwana wa eni anaseka mpaka kukhala pansi, misozi ili mbwembwembwe. Atapezako mpweya anandiuza kuti special ndi bhang, masamba a chamba osinja. Kumeneko amachigwirizanitsa ndi mulungu wawo Shiva, amamwa kwambiri pa zikondwerero za Holi ndi Mahashivaratri, ndipo mashopu ena ali ndi chilolezo cha boma. Ndinafuna kukwiya, koma nanenso ndinangophulika kuseka, osadziwa chomwe ndikuseka.

Kenaka njala. Ndinadya mbale zitatu za tamatar chaat, chakudya cha matimati ophikidwa ndi zokometsera, tsabola yemwe uja osamumvanso, n'kutsirizira ndi jalebi, zokazinga zonyikidwa m'madzi a shuga, wodzaza pepala. Ndinagona mpaka 2 koloko masana a tsiku lotsatira. Ulendo wa ku Sarnath, makilomita 10 okha kuchoka mumzindamo, komwe Buddha analalikira koyamba, unathera pa pilo.

Ndinawachonderera alamu kuti nkhaniyi ithere ku India konko. Analonjeza, ndipo pakamwa asungadi. Kungoti Loweruka lililonse usiku, akadziwa kuti mawa ndikulalikira, amanditumizira chithunzi cha ng'ombe yoyera pa WhatsApp, popanda mawu alionse. Kachikho kaja kali m'kabati ya pabalaza, ndipo alendo akabwera mayi a kunyumba amakatulutsa monyadira: "Aka ndi komwe abambo anamwera mkaka ku India."