Ku Bushey ndi ku Wembley, kumene Wham! inayambira ndi kumene inathera

Sitima yochoka ku Euston mu London kupita ku Watford imaima pa siteshoni ina yotchedwa Bushey, imene anthu ambiri amangoipitirira maso ali pa foni. Ine ndinatsikira pomwepo Loweruka lina mu Novembala, chifukwa m'dera limeneli ndimo munakulira George Michael ndi Andrew Ridgeley, anyamata awiri a gulu loimba la Wham! amene nyimbo yawo ya Khirisimasi, "Last Christmas", imatilondola m'masitolo onse kuno ku Mangalande chaka chikamapita kumapeto.

Alamu anga, amene akhala ku Watford kwa zaka zambiri akugwira ntchito yosamalira okalamba, ndiwo anadzandichingamira. Atamva chimene ndabwerera anaseka mpaka kugwira m'mimba. "Alamu, ndalama yonseyi ya thiransipoti mwaonongera kudzaona sukulu ya ana a eni? Ife timayesa mwatisowa." Komabe anamanga mpango m'khosi n'kundiperekeza.

Amene mukufuna kudzayendako mudziwiretu kuti siteshoniyo ili chakumbali kwa Watford, patali ndithu ndi pakati pa Bushey. Tinakwera basi yofiira nambala 142, imene imakwera chitunda kudutsa mu High Street. M'njiramo muli tchalitchi chakale cha St James, kadziwe pafupi nacho, ndi nyumba za njerwa zokhala ndi timinda ta maluwa kutsogolo. Kuli zii. Munthu sungaganize kuti phokoso lonse lija linachokera kuno.

Sukulu ya Bushey Meads ili mu msewu wa Coldharbour Lane. Tinangoima panja pa mpanda, poti pa sukulu ya ana suloŵa chiloŵereloŵere ndi kamera m'manja. Apa mpamene mu 1975 panafika mnyamata wachilendo wa zaka 12, wonenepa, wamagalasi, wamanyazi, dzina lake Georgios Kyriacos Panayiotou, amene dziko linadzamudziwa ndi dzina loti George Michael. Banja lawo linali litangosamukira ku Radlett, tauni yoyandikana ndi Bushey. Aphunzitsi atafunsa amene angamusamalire mlendoyo, Andrew anakweza dzanja. Andrew anali wa mtundu wina: wolongolola, wodzidalira, wokondedwa ndi anzake, ndipo za sukulu analibe nazo ntchito kwenikweni.

Onse awiri anali ana a anthu obwera. Bambo ake a George anachoka ku Cyprus m'zaka za m'ma 1950, anayamba ndi kuperekera zakudya m'malesitilanti mpaka anadzatsegula yawoyawo. Bambo ake a Andrew anabadwira ku Egypt. Nditawauza zimenezi alamu anga, nkhani inawalowa. Iwo ali ndi mwana wamwamuna amene wayamba kukamba zosiya maphunziro kuti aziimba. "Ndiye bambo akewo analola?" anandifunsa. Sanalole msanga. Munthu amene wavutika kutsuka mbale m'dziko la eni amafuna mwana wake agwire ntchito ya muofesi, ndipo bambo a George ankaona zoimbazo ngati kutaya nthawi. Alamu anagwedeza mutu kusonyeza kuti pa mlandu umenewu iwo ali mbali ya bamboyo.

Mu 1979 anyamatawa anayambitsa gulu la nyimbo za ska (chamba chochokera ku Jamaica) lotchedwa The Executive pamodzi ndi anzawo ena. Silinapite patali. Atatsala awiriwiri mu 1981 anadzitcha Wham! Nthawi imeneyo zinthu sizinali bwino ku Britain: kumayambiriro kwa 1982 anthu osowa ntchito anaposa 3 miliyoni. Andrew anali m'gulu la malovawo, akulandira kandalama ka boma, pamene George ankagwira maganyu monga kulondolera anthu pokhala m'nyumba yoonetsera kanema ndi kuika nyimbo mu lesitilanti. Nyimbo yawo yoyamba, "Wham Rap!", imakamba za ulova womwewo, koma mosadandaula. Ndi mnyamata amene akunyadira kuti alibe ntchito ndipo akusangalala. Anthu ena anaiona ngati mwano, ena anaikonda chifukwa cha mwano womwewo.

Kuchoka pa sukulu tinakwera basi ina kupita kumtunda ku Bushey Heath, kumene kuli malo omwera mowa akale otchedwa Three Crowns. Denga lake n'lotsika, munthu wamtali ayenera kuŵerama pang'ono polowa, ndipo mkati munkanunkhira mowa ndi tchipisi. Tinaitanitsa tiyi n'kukhala pakona. Muno ndimo Andrew ankakumana ndi Mark Dean, mnyamata wa m'dera lomwelo amene anali atayambitsa kampani yaing'ono yojambula nyimbo ya Innervision. Anamupatsa kaseti imene iye ndi George anajambulira m'nyumba ya makolo a Andrew. Mu 1982 anasaina kontirakiti, aliyense n'kulandira mapaundi 500.

Mwayi unabwera mu Novembala chaka chomwecho. Nyimbo yawo yachiwiri, "Young Guns (Go for It)", inali isanalowe n'komwe m'gulu la nyimbo 40 zogulidwa kwambiri, koma oimba ena amene amayenera kuonekera pa pulogalamu ya BBC ya Top of the Pops atalephera, anyamata a Wham! ndiwo anaitanidwa. Anavina pamodzi ndi atsikana awiri, Shirlie Holliman ndi Dee C. Lee, ndipo nyimboyo inakwera mpaka nambala 3. Dee C. Lee atachoka, malo ake anatenga Pepsi DeMacque. Chimbale chawo choyamba, Fantastic, chinafika nambala 1 mu 1983.

Koma kontirakiti ya mapaundi 500 ija inawaluma. Dzina linali pamwamba, m'thumba muli mbee, akukhalabe kwa makolo. Nkhani inafika ku khoti, ndipo pamapeto pake anachoka ku Innervision n'kupita ku kampani ya Epic. Oimba athu amene amasaina mapepala asanawerenge chifukwa cha chimwemwe choti wina wawazindikira, nkhani iyi ndi yawonso.

Masana tinabwerera ku siteshoni n'kukwera sitima yoima paliponse yolowera ku London. Njanji yomweyi imene imadutsa pa Bushey imadutsanso pa Wembley Central: Carpenders Park, Hatch End, Headstone Lane, Harrow & Wealdstone, Kenton, kenako masiteshoni ena awiri, wafika. Theka la ola silikwana. Anyamata aja mtunda umenewu anauyenda zaka zinayi, kuchokera pa kontirakiti ya 1982 kufika pa bwalo lalikulu la Wembley mu 1986.

Chaka chimene chinasintha zonse ndi 1984. "Wake Me Up Before You Go-Go" inakhala nyimbo yawo yoyamba kufika nambala 1 ku Britain, ndipo inachitanso chimodzimodzi ku America. Kenako kunabwera "Careless Whisper", ija ya lipenga la saxophone imene ngakhale kumudzi tinkaimva pa wailesi usiku osadziwa kuti woimbayo ndani. Kenako "Freedom", ndi chimbale cha Make It Big. Mu Disembala anatulutsa "Last Christmas", imene kanema wake anakajambulira m'chipale chofeŵa ku Saas-Fee m'dziko la Switzerland. Imeneyi inakakamira pa nambala 2, chifukwa pamwamba panali nyimbo ya Band Aid, gulu la oimba otchuka ambiri, yosonkhetsa ndalama zothandizira anthu ovutika ndi njala ku Ethiopia, imene George yemweyo anaimbamo nawo. Ndalama za "Last Christmas" nazonso anazipereka ku ntchito yomweyo.

Mu Epulo 1985 anakaimba ku China, ku Beijing ndi ku Guangzhou, kukhala gulu loyamba lotchuka la nyimbo za pop lochokera kumaiko a azungu kuloledwa kutero. Manijala wawo, Simon Napier-Bell, anatha miyezi yambiri akudyetsa ndi kunyengerera akuluakulu a boma la China kuti avomere. Cholinga chake chenicheni chinali choti manyuzipepala ndi mawailesi a ku America alankhule za Wham!, ndipo analankhuladi.

Tili m'sitima muja alamu anafunsa funso limene aliyense amafunsa: "Nanga winayo ankatani? Ine ndimangomva mawu a George." N'zoona kuti pofika 1984 George ndiye ankalemba pafupifupi nyimbo zonse, kuziimba, ndi kuyang'anira kajambulidwe kake. Manyuzipepala a nthawiyo ankamunyoza Andrew kuti wangokwera matola, ntchito yake n'kumwa ndi kuzungulira m'malo azisangalalo atakolekera gitala m'khosi.

Ine sindigwirizana nazo kwenikweni. Mwana wamanyazi uja wa pa Bushey Meads sakanaima yekha pamaso pa anthu. Kavalidwe, kuseka, kudzidalira konse kumene anthu ankaona mwa Wham! kunali kwa Andrew, ndipo George ankatengera kwa mnzakeyo mpaka atapeza mphamvu zakezake. "Careless Whisper" anailemba limodzi akadali achinyamata osadziwika, ndipo mayina onse awiri alipo pa nyimboyo. Andrew ataona kuti luso la mnzake lamupitirira, anavomera kuti George azilemba yekha. Mu 1983, ali ku Ibiza kojambula kanema wa "Club Tropicana", George anaulula kwa Andrew kuti amakonda amuna anzake. Dziko linadzamva zimenezi mu 1998. Zaka zonsezo Andrew anasunga pakamwa, pa nthawi imene manyuzipepala a ku London ankalipira ndalama zambiri pa nkhani zoterozo. Ndipo George atafuna kuti gululo lithe kuti ayambe kuimba nyimbo za anthu akuluakulu payekha, Andrew sanakokere mnzake ku khoti kapena kukamunyoza pa wailesi. Magulu angati amene mukuwadziwa anatha popanda kutukwanizana?

Kuchoka pa Wembley Central kupita ku bwalo tinayenda wapansi mu High Road. Msewu umenewu ndi wosiyana kwambiri ndi bata la ku Bushey. Muli masitolo a amwenye ogulitsa nsalu ndi golide, mabutchala a nyama ya halaal, ndi ndiwo zamasamba zoyalidwa panja. Alamu anaona therere labwino pa sitolo ina ndipo ulendo unaima kaye mpaka atasankha lanthete lokhalokha, akuthyola kansonga ka lililonse mwini sitolo akuyang'ana kumbali.

Bwalo limene Wham! inatsanzikira kulibenso. Lakale lija la nsanja ziwiri zoyera analigwetsa pofika 2003, ndipo latsopanoli, lolowa anthu 90,000, linatsegulidwa mu 2007 pamalo omwewo. Chimene chimaoneka patali tsopano ndi chitsulo chachikulu chopindika ngati uta pamwamba pake. Tsikulo kunalibe mpira kapena zoimba, choncho tinazungulira momasuka mpaka pa chipilala cha Bobby Moore, katswiri wakale wa mpira wa ku Mangalande, mphepo yozizira ikutimenya kumaso. Mukafuna kudzaona malowa mosapanikizika, yambani mwafufuza ngati kuli zochitika, chifukwa tsiku la mpira masitima ndi misewu yonse imadzaza.

Pa 28 Juni 1986 anthu 72,000 anasonkhana pano pa phwando lotsanzikana limene analitcha The Final. Nyimbo yawo yomaliza, "The Edge of Heaven", inali pa nambala 1 sabata imeneyo. Elton John anabwera kudzaimba nawo. Onse awiri anali ndi zaka 23 zokha, George atangokwanitsa kumene masiku atatu m'mbuyomo. Anasiya zinthu zikuyenda, matikiti akuperewera, palibe amene wawatopa.

George anabwereranso pa bwalo lomweli pa 11 Juni 1988 kudzaimba pa phwando lokumbukira kuti Nelson Mandela akukwanitsa zaka 70 ali m'ndende. Apo n'kuti chimbale chake cha Faith cha mu 1987 chitagulidwa mamiliyoni ambiri, ndipo chinadzapata mphoto ya Grammy ya chimbale chopambana pa chaka. Andrew anayesa mpikisano wa magalimoto, osaphula kanthu. Anatulutsa chimbale chake, Son of Albert, mu 1990, nacho sichinayende. Kenako anakakhala phee ku Cornwall kwa zaka zambiri. Anaonekeranso limodzi pa nsanja mu 1991 ku Rio de Janeiro, koma Wham! sanaidzutsenso, ngakhale kuti ndalama zikanabwera zochuluka.

George anamwalira pa 25 Disembala 2016 kunyumba kwake ku Goring-on-Thames ali ndi zaka 53, ndipo anaikidwa ku manda a Highgate ku London pafupi ndi mayi ake. "Last Christmas" inadzafika nambala 1 pa 1 Januwale 2021, patatha zaka 36 chitulukireni, mwini wake atapita kale. Mu 2023 George atalowetsedwa m'gulu la akatswiri la Rock and Roll Hall of Fame ku America, amene anaima kutsogolo kulankhula za iye anali Andrew.

Zonsezi ndinawafotokozera alamu tikutsika mu Olympic Way kulowera ku siteshoni ya Wembley Park, koma sanagonje. "Mwalankhula bwino alamu, koma mnyamatayo ndi wamwayi basi. Anangokweza dzanja m'kalasi, mpaka lero akudyabe." Ndinawafunsa ngati mwana wawo amulola kuimba. Anati ayambe wabweretsa digiri, zinazo tidzakamba.