Mbiri ya Moyo Wanga, Gawo 9: Mapemphero a pa Foni ndi Maliro a Amayi

Ndiyambe ndi kuthokoza nonse amene munalemba pansi pa gawo 8. Ena munandiliza, makamaka mayi a ku Mzuzu amene munati nanunso munatuluka m'banja ndi kachikwama kamodzi. Inu amene munafunsa ngati bambo a mwana wanga anawerenga: anawerenga, anaimba foni, sindinayankhe. Imeneyo ithere pomwepo. Ambiri mwakhala mukufunsa za amayi, kuti bwanji ndimangowatchula modutsa. Lero ndi tsiku lake.

Nditabwerera kwa amayi ku Area 23, zaka zinayi zinathera m'kakontena kaja pafupi ndi depoti, kutumizira anthu ndalama pa Airtel Money ndi Mpamba, kugulitsa mayunitsi ndi matchaja. Pa zaka zimenezo chokamba n'chimodzi. Mu 2018 ndinapempha kuti ndizijambula kwaya yathu n'kumaika pa Facebook, kuti a mpingo wathu amene ali ku Joni azionako. Dzina la mpingo sinditchula, ndipo amene mukuyesa kulosera, lekani. Akulu a mpingo aja mukuwadziwa, amene m'gawo 5 ndinawatcha Bambo a Makiyi, anandiyang'ana kuyambira kumapazi n'kunena kuti, "Mwana iwe, nyumba ya Mulungu si malo oonetsera kanema." Lamulungu lotsatira analengeza kuti aliyense azizimitsa foni asanalowe.

Kenako 2020. Pa 20 Malichi a Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pangozi chifukwa cha Covid-19, sukulu zitsekedwe, ndipo anthu asasonkhane oposa 100. Matendawo anali asanapezeke n'komwe m'dziko muno. Odwala oyamba analengezedwa pa 2 Epulo, konkuno ku Lilongwe. Tchalitchi chathu chimadzaza mpaka ena kukhala panja pansi pa mtengo, ndiye tangoganizani anthu 100. Anayesa kugawa mapemphero kuyambira m'mamawa, mlaga uliwonse nthawi yake, abusa mpaka kusasa mawu. M'bindikiro wa masiku 21 umene boma linalengeza khoti linauletsa pa 17 Epulo, koma mantha anali atalowa kale m'makomo, mabenchi anayamba kuoneka.

Ndi pamene abusa anandiitanitsa. "Mwana wanga, chija unkanena chaka chija, chimatheka bwanji?" Ndinati, "Chimatheka abusa, bola foni ndi bandulo." Ndinayamba ndi foni yanga yomwe, yomangirira ndi mphira pa chitsulo choimikira maikolofoni, ine nditaima chapafupi ndi gome, malo amene mkazi wotha banja ngati ine sankayandikirako. Poyamba phokoso la mabenchi linkamveka kuposa ulaliki, mpaka mnyamata wina wa kwaya anapeza chingwe cholumikizira ku makina a zokuzira mawu. Bandulo ndinkagula ndekha. Netiweki ikagwa, wina ankandiimbira pa foni yomwe ikuulutsayo kuti andiuze kuti sizikumveka, n'kudulitsiratu zonse.

Nkhani inavutira pa chopereka. Chakhumi chinatsika, akulu a mpingo anagwirizana kuti anthu azitumiza pa foni, koma mpingo unalibe nambala yakeyake, ndiye masabata oyambirira anagwiritsa ntchito yanga ya ku kontena. Apa ndiime kaye, chifukwa ndikudziwa kuti ena amene munayendetsa nkhani ija mumawerenga izi mobisala. Tambala iliyonse imene inalowa ndinkailemba m'kope, dzina ndi nthawi yomwe, ndipo Lolemba lililonse msungichuma ankasaina. Kopelo likadalipo. Malata amene ndinafolera nyumba ya amayi chaka chimenecho ndinagula ndi ndalama za banki m'khonde, a gulu lathu alipo, afunseni. Bambo a Makiyi sananene kuti ndaba, ndi ochenjera. Anangofunsa pa bwalo la akulu kuti, "Kodi ndalama ya Mulungu ikagona m'foni ya munthu, imadzuka yonse?" Funso lomwelo pofika madzulo linali litazungulira milaga yonse.

Mu Ogasiti boma la a Lazarus Chakwera, amene iwonso anali m'busa wotsogolera Assemblies of God asanalowe ndale, linati anthu asapose 10 pa msonkhano. Atsogoleri a mipingo anadandaula, chiwerengero chinakwezedwanso. Koma okalamba tinkawauzabe kuti akhale kunyumba.

Amayi anali a Chigwirizano ine ndisanabadwe. Foni yawo inali kaja ka mabatani, komanga pa mfundo ya chitenje, ndipo m'mawa ankamvera Trans World Radio pa wailesi ya mabatire. Ndikabwera ku tchalitchi ndinkawaikira mapemphero onse pa foni yanga. Ankamanga duku, kukhala pa mkeka, kuonera mpaka pa mdalitso. Tsiku lina anandibwezera foniyo n'kunena kuti, "Zikomo mwana wanga, koma akupemphera ndi anzangawo. Ine ndikungosuzumira pawindo." Tsiku la Mgonero ankandiuza kuti ndizimitse abusa asananyeme mkate.

Ku tchalitchi anthu ankandiyamikira kuti uthenga ukufika ku Joni, ku London, kwina kulikonse. Palibe amene anawerenga azigogo opanda foni yotere, kapena makomo amene ndalama ya bandulo ndi ya ndiwo. Kale munthu akadwala, amayi anzake ankafika ndi nyimbo ndi kaufa m'mbale. Tsopano ukafunsa ngati a mlaga adziwa, yankho linali lakuti, "Taika pa gulu."

Januwale wa 2021 nonse mukumukumbukira. Pa 12 nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, zinamwalira tsiku limodzi. Bwalo la masewera la Bingu analisandutsa malo ogonekapo odwala. M'magulu a WhatsApp munali zithunzi za makandulo zokhazokha. Amayi anayamba ndi kutsokomola, ankati ndi chimfine cha dzinja. Tinawafukiza ndi masamba a bulugama, tinawamwetsa mandimu ndi jinja monga ankachitira aliyense. Usiku wina ndinadzutsidwa ndi kapumidwe kawo. Ankakoka mpweya ndi mapewa, akufuna kundiitana koma dzina langa osatuluka lonse. A nyumba yoyandikana nafe anatitenga pa galimoto yawo, mawindo onse otsegula, mvula ikulowa, ine nditawakumbatira kumbuyo.

Pachipata cha chipatala anawalandira anthu ovala zoyera thupi lonse, ine anandiuza kuti ndithere pomwepo. Sindiwada anthu amenewo, anali pa ntchito yoopsa. Ndinawamangira kafoni kawo pa chitenje, tchaja ndinaika m'jumbo limodzi ndi kapu yawo. Akuwakankha pa njinga ya odwala ija anatembenuza mutu n'kunena kuti, "Ukatsekere nkhuku." Amenewo ndi mawu omaliza amene ndinawamva ndikuwaona nkhope.

Masiku otsatira tinkalankhula pa kafoni kaja, mawu awiri atatu, kenako n'kupuma. Ndinkagona foni ili pachifuwa. Madzulo ena anandifunsa kuti, "Kodi anzanga akudziwa kuti ndili kuno?" Ndinathamangira kwa a Nambewe, mnzawo wa amayi wa ku Chigwirizano. Anaitana anzawo awiri, anakhala motalikirana pakhonde pawo, anaimba nyimbo imene amayi ankakonda kuyambitsa pa maliro a ena, mdzukulu wawo anajambula mawu n'kunditumizira. Koma kafoni ka amayi sikatsegula zoterozo. Ndiye ndinabwereka foni ina, ndinawaimbira, n'kugundanitsa mafoni awiriwo nditakhala pansi m'khitchini. Kumbali kwawo ndinkangomva kulira kwa makina ndi munthu wina akutsokomola chapatali. Nyimbo inatha. Ndinadikira. Kenako anati, "A Nambewe ayambira pamwamba kwambiri." Ndinaseka misozi ili chuchuchu.

M'mawa mwake foni inaitana osayankhidwa. Ndinaimbanso. Ndinasesa pabwalo, ndinaimbanso. Ndinadziuza kuti batire latha, pomwe ndikumva ndekha kuti ikuitana. Masana inandiimbira nambala yachilendo.

Sitinagone pasiwa. Sitinaone nkhope. Yunifolomu imene anasita okha n'kuipinda m'sutikesi, imene anatiuza kalekale kuti adzapite nayo, sinawafike m'thupi. Bokosi linachoka kuchipatala molunjika kumanda a mumzinda momuno, osati kwathu ku Mitundu kumene agona bambo. Achimwene anali ku Johannesburg, ndipo South Africa inali itatseka zipata zake zapamtunda, Beitbridge yomwe, kuyambira pa 11 Januwale. Anandiimbira akulira, "Mlongo wanga, ungondionetsako." Choncho ndinaima kumanda ndi foni m'manja, kuulutsa maliro a amayi anga. Dzanja likanjenjemera ndinkaligwira ndi linzake. Pagalasi pankakwera timitima ndi mauthenga akuti mzimu wawo uuse mumtendere, anthu ochuluka kuposa amene akanakwana pabwalo pathu. Chipepeso chinalowa pa foni mpaka usiku. Komatu maliro n'kulirana. Nditabwerera kunyumba panalibe moto panja, panalibe miphika, panalibe wondigwira paphewa. Kutada anabwera a Nambewe atavala masiki, anayala chitenje pakhonde. Ndinati, "Amayi, mutenga matenda." Anati, "Iwe kagone. Nyumba ya mnzanga singagone yokha lero." Anachoka kutacha.

Azakhali mpaka lero amati ndine mwana wanji wojambula m'malo molira. Azakhali, ndikudziwa kuti mwana wanu amakuwerengerani izi, ndiye mumve. Mwana wamwamuna mmodzi yekhayo wa amayi anaona dothi likugwera pa bokosi chifukwa cha foni imeneyo. Inu munali kumudzi, ndipo nanunso munaonera pa foni ya aphunzitsi aja. Kulira ndinalira, simunalipo.

Lero tchalitchi chathu chili ndi makamera ake, nyimbo zimaoneka pakhoma, Baibulo ambiri amawerengera m'foni, ndipo nambala za chopereka zalembedwa pa chikwangwani pafupi ndi gome. Pali komiti ya zoulutsa mapemphero, ndipo wapampando wake, musadabwe, ndi Bambo a Makiyi. Ndi amene amatidzutsa ndi vesi pa gulu tambala asanalire. Za kope lija sanabwerepo kudzanena kanthu. Moni ndimawapatsa bwinobwino, ndi manja awiri.

Alangizi akudandaula kuti atsikana amafika ku chilangizo atamva kale zonse pa TikTok. Akulu akudandaula kuti achinyamata m'mawa ali nafe, usiku ali pa Facebook ndi aneneri, kutumiza ndalama za mbewu. Zimenezo amazikambirana mpaka dzuwa kupendeka, chifukwa zikukhudza mabenchi ndi mbale. Za agogo amene sangathenso kuyenda sindimva aliyense akukweza mawu. M'komitimo ine ndinachokamo mu 2022, osati mokwiya monga ena amanenera. Kamera sindinaide, ndipo wina akafuna kuichotsa ndidzakhala woyamba kukana. Koma Lamulungu masana ine, a Nambewe ndi atsikana ena timanyamula foni ndi kasipika kupita m'makomo mwa okalamba. Ulaliki timaonera limodzi, nyimbo ikafika timatsitsa sipika n'kuimba tokha. Ndinalemba kalata yopempha kuti Mgonero uzifika m'makomo amenewa pafupipafupi. Kalatayo ikadali ku bwalo la akulu, ndipo mlembi akandiona amayang'ana kumbali.

Gawo 10 ndi la nyumba ya malata atsopano ija, ndi zimene amalume anabwera nazo mwezi usanathe chiikire maliro. Amene munali pa msonkhano wa banja uja konzekani, sindisiyako kanthu.