Mchenga wa mphaka: womwe ungabwerere m'bokosi ndi woyenera kutaya

Mchenga wambiri umene oweta amphaka m'nyumba amataya umakhala usanade n'komwe. Mphaka akakodza amanyowetsa kagawo kochepa chabe, koma mwini wake akangomva fungo amanyamula bokosi lonse n'kukhuthulira m'thumba la zinyalala. Ntchito yeniyeni pano ndi yosiyanitsa zimene zada ndi zimene zikadali bwino. Kuchapa mchenga wakuda kuti ukhale watsopano sikutheka pa mitundu yambiri, ndipo amene amayesa amangowononga madzi ndi nthawi. Choncho yambani mwadziwa kuti mchenga uli m'bokosi mwanuwo ndi wopangidwa ndi chiyani, chifukwa uliwonse uli ndi kasamalidwe kake.

Wofala kwambiri ndi wa dongo lotchedwa sodium bentonite, lomwe limafufuma likanyowa n'kumanga chibuma. Dongo lidayamba kugwiritsidwa ntchito m'mabokosi a amphaka mu 1947, pamene Ed Lowe wa ku Michigan adayamba kuligulitsa m'malo mwa phulusa ndi mchenga wamba, koma lomanga zibumali lidafala m'zaka za m'ma 1980. Ubwino wake ndi woti mkodzo umasonkhana pamalo amodzi. Kuipa kwake n'koti limachita kukumbidwa m'migodi, ndi lolemera, ndipo siliola. Kumene lakatayidwa limakhala komweko.

Ngati mukugwiritsa ntchito dongoli, musaumire pothira. Likhale lakuya masentimita 7 kapena 8. Anthu amathira pang'ono poganiza kuti akusunga, koma mchenga ukachepa mkodzo umafika pansi pa bokosi n'kumatirira. Mukamapala ndi kafosholo chibumacho chimasweka, tizidutswa take tonunkha n'kubalalika mu mchenga wabwino uja, ndipo pakatha sabata zonse zimakhala zoyenera kutaya. Ukakhala wakuya, chibuma chimaumbika chisanakhudze pansi ndipo chimatuluka chathunthu. Chotsani zibuma ndi ndowe kamodzi kapena kawiri patsiku. Mphaka akangotuluka kumene dikirani mphindi zingapo kuti chibuma chilimbe. Lowetsani kafosholo pansi pake, tukulani, gwedezani pang'onopang'ono kuti timchenga touma tibwerere m'bokosi. Mukatero onjezerani watsopano wofanana ndi umene mwachotsa.

Pakatha masabata atatu kapena anayi bokosi limafunika kutsuka, ndipo apa mpamene mungapulumutse wambiri. Tapani wa pamwamba wouma, muusefe pa sefa ya mabowo a mamilimita 2 kapena 3, malinga ndi kukula kwa njere zake. Njere zabwino zimadutsa, tizibuma tosweka timatsala pa sefa. Wa pansi penipeni ndi wa m'makona, womwe umaoneka woderako mtundu komanso wa chinyontho, musausefe, tayani. Wosefedwawo muusakanize ndi watsopano theka ndi theka. Sefani panja kapena pamalo opita mphepo, mutavala chophimba pakamwa ndi pamphuno, chifukwa fumbi la dongo si labwino m'mapapo. Madzi ayi: bentonite akanyowa amasanduka matope omata, ndipo akalowa m'mapaipi amawatseka. Kuyanika padzuwa wonyowa ndi mkodzo nakonso n'kudzinamiza. Madzi amauma koma zotsalira za mkodzo zimakhalamo, ndipo mabakiteriya akapezanso chinyontho amazisandutsa amoniya, fungo n'kubwerera.

Dongo losamanga zibuma lilibe chopulumutsa, poti mkodzo umayenderera paliponse. Limafuna kusintha lonse sabata iliyonse. Timibulu ta silika, tonga timagalasi toyamwa mkodzo, timatha pafupifupi mwezi kwa mphaka mmodzi ngati mukuchotsa ndowe ndi kutakasa tsiku ndi tsiku, koma tikasanduka tachikasu tatha ntchito.

Kwa munthu amene cholinga chake n'kuchepetsadi zinyalala, timibulu ta utuchi timaposa zonsezi. Tikanyowa timamasuka n'kubwerera kukhala utuchi, pamene touma timakhalabe tolimba, ndiye kusiyanitsa kumachitika kokha bola muli ndi mabokosi awiri olowetsana. Pezani mabeseni awiri apulasitiki ofanana, otalika kuposa mphaka wanu ndi theka la thupi lake. Limodzi muliboole pansi ponse, mabowo a mamilimita 4 otalikirana pafupifupi sentimita imodzi ndi theka. Timibulu tambiri timakhala tonenepa mamilimita 6, choncho bowo likafika kukula kumeneko timagwera pansi tisanagwire ntchito, ndipo likachepa kwambiri utuchi wonyowa umalitseka. Palani m'mphepete mwa bowo lililonse kuti pasakhale pakuthwa. Mphaka akalasidwa kuphazi kamodzi salowamonso. Ikani timatabwa tiwiri m'beseni la pansi kuti pakhale mpata wa masentimita 3 mpaka 5, kenako khazikani lobooledwa lija pamwamba. Thirani timibulu masentimita 3 kapena 4 okha, chifukwa timafufuma. Tsiku lililonse chotsani ndowe, takasani, gwedezani beseni la pamwamba. Utuchi umagwa, timibulu tabwino timatsala ndipo sitifunika kutaya, mumangoonjezera. La pansi mulikhuthule masiku awiri kapena atatu alionse, utuchi usanachite chuku. Gulani timibulu ta mtengo weniweni, topanda mafuta oyatsira moto kapena zonunkhiritsa.

Utuchi umenewu ungapite ku kompositi. Ndowe ayi, ndipo apa sipofunika kunyengerera. Amphaka ndi nyama za mtundu wawo ndiwo okha amene amatulutsa mazira a kachilombo ka Toxoplasma gondii m'ndowe zawo. Mphaka amawatulutsa kwa sabata imodzi mpaka atatu akangotenga kachilomboka koyamba, nthawi zambiri osaonetsa kudwala kulikonse. Mazirawa sapatsira matenda nthawi yomweyo. Amafuna tsiku limodzi mpaka asanu kuti akhwime, n'chifukwa chake kuchotsa ndowe tsiku ndi tsiku kumateteza kwambiri kuposa mankhwala alionse. Akakhwima amatha kukhala amoyo m'dothi lonyowa kupitirira chaka, ndipo klorini sawapha. Palinso mazira a njoka za m'mimba za Toxocara cati, omwe amapirira zaka m'nthaka. Mayi woyembekezera asagwire ntchito imeneyi, chifukwa Toxoplasma amatha kufika kwa mwana ali m'mimba. Chimodzimodzinso aliyense amene chitetezo cha m'thupi mwake chatsika. Ena onse avale magulovesi ndi kusamba m'manja ndi sopo. Ndowe zikulungidwe n'kupita ku zinyalala. Musazigejemule m'chimbudzi cha madzi ngakhale pa thumba la mchenga atalembapo kuti n'zotheka: malo oyeretsera madzi a m'masuweji sapha mazirawa onse, ndipo ku gombe la California kachilomboka kadapezeka mu akatumbu a m'nyanja.

Ngakhale utuchi umene mwachotsamo ndowe muuone ngati uli ndi tizilombo, poti timanyenyeswa sitilephera kutsalira. Ukhale ndi mulu wakewake, wosiyana ndi kompositi ya kudimba, kutali ndi ndiwo zamasamba, ndi posewerera ana, ndiponso mamita 30 kapena kuposa kuchokera pa chitsime. Utuchi paokha umaola mochedwa kwambiri chifukwa uli ndi kaboni wochuluka, ndipo nayitrojeni wa mu mkodzo sakwanira. Pa chidebe chimodzi cha utuchi ikani chidebe chimodzi kapena ziwiri za udzu wauwisi wotchetcha kumene, mosanjikiza. Mulu uzikhala wa chinyontho koma wosadontha madzi mukaufinya. Ukamanunkha amoniya ndiye kuti udzu wachuluka kapena wanyowa kwambiri. Onjezerani masamba ouma n'kutembenuza. Ukakhala wozizira osasintha maonekedwe, wauma kapena ndi waung'ono. Mulu umayamba kutentha bwino ukafika mita imodzi mbali zonse. Kutentha kopitirira madigiri 60 kumapha mazira a Toxoplasma, koma mulu wa pakhomo umatentha pakati pokha, m'mbali mumakhala mozizira. Ndiye musadalire kutentha, dalirani nthawi. Mulu ukadzaza muutseke, muyambe wina, ndipo woyambawo ukhale miyezi 18 kapena zaka ziwiri kuwerengera pa tsiku limene mudathiramo komaliza. Manyowa ake ndi a maluwa, mitengo ya mthunzi ndi mpanda wa zomera basi, osati chilichonse chodyedwa. Timibulu ta mapepala, ta chimanga, ta tirigu ndi ta soya timaola chimodzimodzi, kungoti ta mbewuti timakopa makoswe, choncho mulu wake ufunika chivindikiro.

Bokosi lenilenilo litsukeni ndi madzi otentha kwambiri ndi sopo wopanda fungo, liume kaye musanabwezeremo mchenga. Musathire bulichi m'bokosi limene mudakali mkodzo, chifukwa klorini wa mu bulichi akakumana ndi amoniya wa mu mkodzo amatulutsa mpweya woipa wotsamwitsa. Pewaninso mankhwala ophera tizilombo okhala ndi phenol, aja amayera ngati mkaka akathiridwa m'madzi. Chiwindi cha mphaka chimalephera kuwachotsa m'thupi. Pulasitiki ikakandikakandika ndi zikhadabo imasunga fungo, ndipo pamenepo ngakhale mchenga watsopano umanunkha msanga. Vuto limakhala bokosi, osati mchenga.

Pali nthawi zimene simuyenera kupulumutsa kanthu. Mphaka akamatsegula m'mimba, akapezeka ndi njoka za m'mimba, kapena akamalandira mankhwala amphamvu monga a khansa, tayani zonse ndipo musaike ku kompositi. Mchenga wa mphaka wodwala usapite kwa mnzake. Ana amphaka osakwana miyezi itatu amalawa chilichonse, ndiye apatseni wa mapepala kapena wa utuchi, osati womanga zibuma umene ungafufume m'mimba.

Woweruza womaliza ndi mphaka mwini. Ambiri amakonda njere zosalala zonga mchenga weniweni, ndipo timibulu ta utuchi amatikayikira poyamba. Sinthani pang'onopang'ono pa masiku 7 mpaka 10: gawo limodzi mwa magawo anayi likhale latsopano, kenako theka, kenako magawo atatu. Mukhale ndi bokosi limodzi pa mphaka aliyense ndi lina lapadera. Akayamba kuima m'mphepete mwa bokosi, kutuluka osakwirira, kapena kukodza pambali pake, bwererani pa muyezo wa m'mbuyo kapena chepetsani mchenga wosefedwa uja. Koma muonetsetse: mphaka wamphongo amene akulowa m'bokosi pafupipafupi, n'kumadzikakamiza koma osatulutsa mkodzo, sakukana mchenga. Njira ya mkodzo ingakhale itatsekeka, ndipo zimenezi zimapha pa tsiku limodzi kapena awiri, choncho mupite naye kwa dokotala wa ziweto nthawi yomweyo. Pa dongo vutoli limaonekera msanga poti zibuma zimachepa kapena kusowa. Pa timibulu ta utuchi silioneka msanga, ndiye muzisuzumira m'beseni la pansi tsiku lililonse kuona ngati mwagwa utuchi wonyowa wofanana ndi wa masiku onse.