Kutentha kwa dziko ndi magetsi a sola: zimene ndikuphunzira

Mu phunziro la magetsi a dzuwa, mfundo imene yandigwira mtima ndi yakuti panelo ya sola imafuna kuwala, koma kutentha imadana nako. Mawati (muyezo wa mphamvu ya magetsi) olembedwa kumbuyo kwa panelo amayezedwa maselo ake, tizigawo timene timasandutsa kuwala kukhala magetsi, ali pa madigiri 25, ndipo pa digiri iliyonse yoposa pamenepo panelo ya silikoni imataya pakati pa 0.3 ndi 0.5 peresenti ya mphamvu yake, chifukwa maselo akatentha volteji imatsika.

Ndinawerengera ndi nyengo ya ku Chikwawa ndi Nsanje, kumene mu Okutobala kumatentha kuposa madigiri 40. Panelo yokhala padzuwa imatentha kwambiri kuposa mpweya, moti kufika madigiri 65 si kwachilendo, ndipo ya mawati 300 ikhoza kumatulutsa pafupifupi 250 okha masana dzuwa likuswa mtengo.

Komabe, dziko likatentha ndi madigiri ena 2, kutaya koonjezera sikungapose 1 peresenti. Kuchepaku kunandilimbitsa mtima, popeza kukusonyeza kuti kutentha pakokha si chifukwa chosiyira sola. Chimene chikundidetsa nkhawa ndi zimene zimabwera ndi kusintha kwa nyengo: fumbi la chilala ndi utsi wa lupsa zimene zimaphimba galasi, mitambo ya masiku angapo yotsatizana, mphepo yozula mapanelo padenga, ndiponso mabatire ndi mainveta (makina osintha magetsi a sola kuti agwire ntchito m'nyumba) amene amatha msanga akamakhala motentha.

Kwathu kuno nkhaniyi ndi yolemera chifukwa magetsi athu ambiri amachokera ku mtsinje wa Shire, ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira. Namondwe Ana ataononga damu la Kapichira mu Januwale 2022, dziko linataya pafupifupi mamegawati 130 ndipo kuzimazima kunakula. Malo a sola a ku Salima, a mamegawati 60, amene anayamba mu 2021, ndi a ku Golomoti, a mamegawati 20 okhala ndi mabatire, amathandiza kuti tisamadalire madzi okha, ngakhale kuti Salima nako ndi kotentha.

Choncho pa ntchito yanga ya kalasi ndikuyang'ana kwambiri kaikidwe ka mapanelo. Panelo yogonekedwa pamalata penipeni imatentha kuposa yokwezedwa pachitsulo, imene mphepo imadutsa pansi pake, ndipo ndikufuna kuyeza kusiyana kumeneku m'chilimwe chikubwerachi pa mapanelo awiri ofanana.