Mbewu za Akaren sizinatsale m'mbuyo

Anzanga, mtima wanga lero uli pa Akaren, anthu a kum'mawa kwa Myanmar omwe nkhondo inawathamangitsa kwawo. Ambiri anakhala zaka zochuluka m'misasa ya m'malire a Thailand, monga wa Mae La womwe unatsegulidwa mu 1984, ndipo ena anakafika mpaka ku St. Paul, m'chigawo cha Minnesota ku America.

Chondikhudza ine ndi madimba awo. Kulikonse komwe apeza kachigawo ka nthaka amadzala maungu kuti azithyola nkhwani, tsabola wowawa, nyemba zazitali komanso chidede. Inde, chidede chathu chomwechi! Masamba ake owawasa amaphikira nsomba kapena msuzi wodyera mpunga. Alinso ndi talabaw, msuzi wa mphukira za nsungwi wothira mpunga wosinja, womwe kale unkathandiza kuti mpunga wochepa ukwanire banja lonse.

Koma ku Minnesota chisanu chimafulumira, pamene chidede chimachita maluwa masiku akayamba kufupika. Nthawi zambiri chimafa njere zisanakhwime. Ndiye mayi akapeza njere zokhwima amaziyanika, kuzisunga mosamala ndi kugawirako abale. Ine ndimawalemekeza kwambiri amayi amenewa.